Bokosi la Mkazi Wanga Linatidyera Dambo

Inu owerenga, ine si munthu wa mawu ambiri, ndipo amene amandidziwa kuno cha ku Pembamoyo adzadabwa kumva kuti ndalemba nkhani. Koma pali chinthu chimene ndinachita masana dzuwa likuswa mtengo, anthu onse akuona, chimene chinalanditsa mwana wanga dimba la amayi ake. Sindinabe, sindinaname, ndipo ndalama ya munthu sinalowe m'thumba mwanga. Ndinangonyamuka pamthunzi pamene ndinakhala, n'kukaima kumbuyo kwa munthu wosayenera. Popeza masiku ano a boma la Chitaganya, zosankha makhansala zikufika m'madera ambiri, ndati ndifotokoze zanga, kapena wina n'kupulumukirapo.

Ine ndine mkamwini. Ndinabwera m'mudzi uno ndili mnyamata kudzakwatira Nambewe, ndipo Mulungu anatisiyira mwana mmodzi, Rozina. Ena onse anatsogola ali makanda. Kumunsi kwa mudzi kuli dambo, ndipo m'dambomo munali madimba a mbumba yonse. La Nambewe linali lakumtunda, pafupi ndi chitsime. Analilandira kwa amayi ake, ndipo ankanena kawirikawiri kuti tsiku lina adzalisiyira Rozina. Munali nzimbe, nthochi, mpiru, maungu ndi chimanga cha m'chilimwe. Chaka chimene mvula inadula msanga, nkhokwe zitauma, ndi dimba limenelo linatisunga. Kutchalitchi kwathu, kumene ansembe amafika mwa apo ndi apo, ine ndinali gulupa, ndiye kuti mkulu wotsogolera mapemphero ndi kuyang'anira akhristu. Ndatchula zimenezi osati podzitama, koma kuti mumvetse chifukwa chake anthu ankayang'ana kumene ine ndaponda.

Nambewe anadwala chifuwa nthawi yokolola. Tinamunyamula pamachira kupita naye kuchipatala cha mishoni, ulendo wautali, ndipo kumeneko ndi kumene anatisiya. Ndinakhala pakhonde la chipatala osadziwa kuti mtembo ndifika nawo bwanji kwawo. Ndili chikhalire, panaima lole, ndipo munatsika a Mphanje. Bambo ameneyu anali atangobwera kumene kuchokera ku Walale, kunja kwa dziko lino, kumene anaphunzira ntchito yomanga nyumba za njerwa. Anali ndi sitolo pamsewu wa ku Chadiza, ndipo lole yakeyo inali yokhayo m'dera lonse. Sindinkadziwana naye kupitirira moni. Koma atamva za vuto langa anavula chipewa, natsitsa katundu wake yense pansi, n'kutinyamula mpaka kumudzi. M'mawa mwake anatumiza kalipentala ndi matabwa a mlombwa, ofiira bwino, pamodzi ndi nsalu yoyera.

Muyenera kudziwa kuti kwathu kuno anthu wamba timaikidwa mumphasa. Bokosi tinkaliona pa maliro a aphunzitsi ndi anthu otchuka basi. Pamene ndinaona mkazi wanga, amene moyo wake wonse sanavalepo nsapato, akulowa m'manda m'bokosi losalala ngati la mkazi wa mfumu, ndinalira misozi ya mitundu iwiri. Titameta, ndinakoka mbuzi yanga kupita nayo kwa a Mphanje kukathokoza. Anakana. Anati, “A gulupa, maliro salipitsa. Lero ndi inu, mawa ndine. Bwererani nayo mbuzi yanu.” Ndinabwerera ndikutamanda Mulungu kuti padziko pakadali anthu. Sindinadziwe kuti akanalandira mbuzi ija ndikanamasuka. Poikana, chingwe chimene ndinakokera mbuzi chinatsalira m'khosi mwanga.

Patapita miyezi, kapaso, mthenga wa kukhoti la mfumu, anayenda m'midzi kulengeza kuti boma lalola kuti dera lililonse lisankhe lokha munthu wokalikhalira m'khonsolo. Kwathu kunaima anthu awiri. Woyamba anali mlamu wanga Chikaiko, mlongo wake wa Nambewe, mwini mbumba ya m'mudzi uno. Chikaiko si mkhristu. Ndi mkulu wa kudambwe, wa gule, ndipo pakamwa pake ndi polasa. Ine ndi iye takhala zaka zambiri tikugwirizana pa khasu koma tikusiyana pa pemphero. Wachiwiri anali Layisoni, mnyamata amene ankagulitsa m'sitolo ya a Mphanje, wobatizidwa, wodziwa Chizungu, waulemu popereka moni.

Kuyambira pamenepo lole ija sinapume. Inkafika m'midzi n'kusiya mchere, sopo ndi timapaketi ta shuga, dalaivala n'kumati izi wakupatsani ndi Layisoni. Aliyense ankadziwa kuti wogulitsa m'sitolo sangakwanitse zotere, koma palibe anafunsa. Kwa ife akhristu kunabwera uthenga wakuti Layisoni akapambana, tchalitchi chathu cha mitengo ndi udzu chidzamangidwa ndi njerwa zootcha.

Tsiku lina ndikukonza mpanda wa dimba, umene ng'ombe zinathyola, Chikaiko anabwera n'kuima tsidya lina la mpandawo. Anandiuza kuti waona anyamata a Mphanje kawiri konse akukumba timaenje m'dambo, akukanya dothi m'manja ndi kulinunkhiza. Anati, “Alamu, munthu amene sanabzalepo ngakhale phata la mpiru akukanyiranji dothi la m'madimba mwathu? Akufuna kuumba mbiya?” Ine ndinayankha kuti si bwino kuweruza munthu tisanaone cholakwa chake, makamaka munthu amene anatichitira chifundo pa maliro a mlongo wake yemweyo. Chikaiko anaseka pang'ono, nati, “Inu mumapemphera mutatsinzina. Tsiku lina mudzati ameni, potsegula maso mudzapeza dambo lapita.” Ndinaona ngati ndi nsanje ya munthu wofuna mpando, ndipo ndinapitiriza kumanga mpanda wanga.

Inu owerenga, kusafulumira kuweruza ndi khalidwe labwino, ndipo mpaka lero ndimalikonda. Koma ine ndinalisandutsa bulangete lofunda kumutu. Kufunsa si kuweruza. Ndikanatha kupita kwa a Mphanje n'kuwafunsa mwaulemu kuti m'dambo mwathu akufunamo chiyani, ndiponso kuti mchere wonsewu adzaubweza ndani. Sindinapite, chifukwa ndinkaopa yankho lake.

Lamulungu lomaliza tisanasankhe, a Mphanje anabwera kudzapemphera nafe. Titatuluka anandikokera pambali n'kundifunsa ngati manda a mayi aja sanatitimire ndi mvula. Anandilimbitsa mtima kuti mlombwa chiswe sichiudya msanga, mayi agona bwino. Kenaka, akukwera lole, anati, “Lachinayi tidzaonana kubwalo, a gulupa. Mwana wanga Layisoni alibe wamkulu womuimira kumbuyo.” Sanandipemphe kanthu. Koma ndinamva zonse.

Kasankhidwe kake kanali kotere. Kunabwera mzungu wachinyamata wa ku boma ndi akapaso awiri. Chikaiko ndi Layisoni anawaimika pabwalo motalikirana, atafulatira anthu, ndipo anawaletsa kucheuka. Ndiye analamula kuti mwamuna aliyense wokhoma msonkho akaime pamzere kumbuyo kwa amene akumufuna. Amayi, eni ake a madimba, sanaloledwe; anakhala pansi chapatali akuonerera, ndipo Rozina anali pomwepo ndi mwana kumbuyo. Amuna a gule anapita kwa Chikaiko osazengereza. Amene anadya mchere wambiri anapita kwa Layisoni. Mizere iwiriyo inali pafupifupi yofanana. Otsala tinali ife akhristu, ndipo nditakweza maso ndinapeza onse akuyang'ana ine.

Mumtima ndinadziuza kuti gulupa sangaime kumbuyo kwa munthu wa kudambwe, ansembe angamve bwanji. Chimenecho chinali chifukwa chongovala pamwamba. Chenicheni chinali chakuti a Mphanje anali atatsamira lole yawo kutsidya kwa bwalo, chipewa chili m'manja monga anachigwirira tsiku lija kuchipatala, ndipo ine ndinalephera kuchititsa manyazi munthu amene anaika mkazi wanga. Ndinanyamuka, n'kukaima kumbuyo kwa Layisoni. Akhristu onse ananditsatira. Mzungu anayenda akugwira mapewa athu mmodzimmodzi, ndipo asanafike n'kumapeto komwe zinali zoonekeratu kuti Layisoni wapambana. Atawauza awiri aja kuti acheuke, Chikaiko anayang'ana mzere wake kufunafuna nkhope yanga, kenaka anaipeza kumzere winawo. Rozina anagwira nsalu kukamwa.

Kale nkhani ya malo inkakambidwa pabwalo, pamtetete. Wofuna munda ankanena pamaso pa onse, ndipo ngakhale nkhalamba yopanda mano inkatha kuimirira n'kunena kuti pamenepo ayi, m'pa amayi anga. Koma khonsolo yatsopanoyi inamangiridwa nyumba yakeyake, ndipo tinamva kuti chitseko ndi mazenera anapereka mwaulere ndi a Mphanje. Anthu anayamikira. Mvula itatha kunayamba manong'onong'o akuti nkhani ya dambo lathu ikalowa m'nyumba imeneyo. Chikaiko anafika pakhomo panga m'mamawa, nati, “Valani jekete lanu la kutchalitchi, alamu, tikamve zimene mwana wanu Layisoni akukatinenera.”

Tinayenda mpaka kumeneko, koma kapaso anatiimitsa pakhonde. Anati za m'katimo ndi za makhansala, ife tidzamva zikapsa. Chikaiko anafunsa kuti nanga lole ili kuseriyo mwini wake ndi khansala wa dera liti. Kapaso anati ameneyo ndi mlendo, waitanidwa kudzafotokoza za chitukuko. Choncho mwini dambo anakhala panja, wofuna dambo ali m'kati. Tinakhala pansi moyang'anana ndi chitseko chotseka kufikira dzuwa litapendeka. Mawu ankamveka ngati njuchi mumphika, nthawi zina kuseka, koma osatolapo kanthu. Poti ndinalibe china choyang'ana, ndinayang'anitsitsa chitsekocho. Chinali cha mlombwa, chofiira, chopalidwa ndi dzanja lomwe lija la kalipentala amene anakhoma bokosi la Nambewe. Ndinachizindikira monga umazindikirira nkhope ya m'bale wako.

Atatuluka, Layisoni anandigwira dzanja ndi manja awiri, nati zonse zayenda bwino, atate, mudzamva. Sitinamve kanthu. Palibe amene anabwera kudzatiuza chimene chinagwirizanidwa. Tinadziwira pa zikhomo. M'mawa wina amayi popita kukathirira anapeza anyamata akukhoma zikhomo ndi kukoka chingwe kuzungulira mbali yonse ya kumtunda, kumene dothi lake ndi lamakande abwino, ndipo dimba la Rozina linali pakati penipeni. Rozina anazula chikhomo chimodzi n'kuchiponya m'madzi. Layisoni, amene anali pomwepo, sanakalipe. Anamuuza pamaso pa amayi onse kuti khonsolo inafunsa ngati eni madimba avomera kuti a Mphanje aumbe njerwa m'dambomo, ndipo iye anayankha kuti avomera. Anati, “Nanga umboni wina uti, mayi? Funsani atate anu anaima kumbuyo kwa yani. Mzungu anawagwira phewa yekha.”

Inu owerenga, taganizani. Ine ndinkayesa kuti ndikubweza ulemu wa maliro, koma m'nyumba yotseka ija kuima kwanga kunasanduka mawu amene sindinanene. Chitseko chikanakhala chotsegula ndikanaimirira, ngakhale ndine wamanyazi, n'kunena kuti ayi, sindinavomere zimenezo. Mawu amodzi okha akanakwana. Koma amene anagula mzere uja ndi yemwenso anagula chitseko.

Zotsatira zake sindifuna kuzitalikitsa. Nthochi anazizula, nzimbe anadya anyamata a ganyu. Pamene panali mabedi a mpiru panakhala maenje akuya kupitirira msinkhu wa munthu, zikombole zili mbwee. Mitengo ya m'mbali mwa dambo, imene inkasunga chinyezi, inathera mu uvuni wootchera njerwa, ndipo utsi unkafuka masabata. Chitsime chinayamba kutuluka matope, ndipo pofika mwezi wotentha chinauma, chinthu chimene nkhalamba za m'mudzi zinati sizinachionepo. Njerwazo lole inkazituta kupita nazo kumsewu wa ku Chadiza, kumene a Mphanje anamanga mzere wa masitolo obwereketsa. Za tchalitchi zinabweradi: mulu wa zibenthu zimene zinasweka potsitsa mu uvuni. Ulipobe kuseri kwa tchalitchi, wamera udzu. Palibe mkhristu amene anafunapo kuugwira.

Ndinapita kwa a Mphanje. Anandipatsa mpando ndi tiyi wa mkaka, namvetsera mpaka ndinatha. Ndiye anandifunsa mofatsa ngati tsiku lina lililonse anandipemphapo kanthu. Ndinati ayi. Anati, “Ndiye mlandu wanga uli pati, a gulupa? Ine ndinakuthandizani pa tsoka lanu, inu munandithandiza pa ntchito yanga. Ndi mmene anthu amakhalira.” Ndinanyamuka, tiyi uja n'kumusiya osamwa. Ine ndi Chikaiko tinakadandaulanso ku boma, koma anatiuza kuti nkhaniyo inagamulidwa ndi khonsolo imene tinasankha tokha, ndipo khansala wathu anavomera m'dzina lathu.

Itakwana nthawi yoti abale a mkazi wanga andisudzule, monga mwambo ulili mkamwini akaferedwa, ndinamanga katundu wanga ndikuyembekeza kuti andiuza kuti ndizipita kwathu, ndipo sindikanawadandaula. Koma Chikaiko, munthu amene ndinamukana pabwalo chifukwa choti sapemphera, anaimirira nati mlamu wakeyu anasunga bwino mlongo wake zaka zonse, ndipo nyumba ndi yake kufikira imfa. Kenaka anatembenukira kwa ine, nati, “Khalani, alamu. Maenjewo tiziwaonera limodzi.” Sindidziwa ngati chinali chifundo kapena chilango. Ndikuganiza kuti zinali zonse ziwiri.

Amene anachoka ndi Rozina. Popanda dimba ndi madzi pafupi, mwamuna wake anapempha kuti amutenge chitengwa kwawo cha ku Zingalume, ndipo Chikaiko, malume ake a Rozina, sanathe kukana. Mwana amene anayenera kukalambira pa nthaka ya amayi ake, n'kudzaisiyira ana ake aakazi, lero ndi mlendo pamudzi wa eni, amalima pamene amulozera. Tsiku lonyamuka anatsikira kudambo n'kukapeza kamphukira ka nthochi kamene kanapulumuka m'mphepete mwa dzenje, nakakulunga m'sanza yonyowa. Chiyambire tsiku la zikhomo anali asanandinenepo mawu oipa, ankandiphikira ndi kundichapira monga kale. Ndinawaperekeza mpaka pamphambano. Pamenepo anagwada kutsazika, ndipo ali chogwada, osandiyang'ana, anati, “Atate, amayi tikanangowakulunga mumphasa. Sakanadandaula.”

Anali kunena zoona. Nambewe sakanadandaula. Amene ankafuna bokosi ndinali ine.

A Mphanje sindiwaweruza. Ali ndi Mwini wawo amene adzawafunse, monganso ine. Mwina tsiku lija kuchipatala chifundo chawo chinali chenicheni, ndipo anadzaona pambuyo pake kuti chingawagwirire ntchito. Zimenezo sindingazidziwe. Chimene ndikudziwa ndi chimene ndikukuuzani inu owerenga, makamaka inu akuluakulu a mipingo ndi ena amene anthu amayang'ana mapazi anu. Munthu akakuthandizani pa tsoka, muthokozeni, ndipo muumirire kuti alandire mbuzi yanu. Akaikana, dziwani kuti nkhani sinathe. Mangawa a maliro ndi anu nokha, musakawabwezere pabwalo losankhira, chifukwa kumeneko mukubweza ndi zinthu za eni, za amayi amene akhala pansi chapatali ndi za ana amene sanabadwe. Wofuna mpando akamagawa mchere, funsani mokweza kuti wagula ndani, ndipo wogulayo akufuna chiyani. Mukasankha munthu, musamusiye alowe yekha m'nyumba n'kutseka. Pitani, khalani pakhonde, gogodani, bweraninso mawa lake, kufikira nkhani ya nthaka yanu ikambidwe inu mukumva. Musaope kuti akuyesani amwano. Ine ndinaopa zimenezo, ndipo ulemu wanga unaumitsa chitsime.

Ndimapitabe kutchalitchi, koma ugulupa ndinautula. Popita kumanda kukalambula pa Nambewe njira imadzera m'mbali mwa maenje aja, amene dzinja amadzaza madzi obiriwira, ng'ombe zokha n'kumamwamo. Za ine ndinapangana kale ndi Chikaiko, akhristu awiri ali mboni. Mphasa ndinaluka ndekha, ili pamtanda wa denga m'nyumba mwanga. Tsiku langa likadzafika, wina aliyense akadzabwera ndi matabwa, adzamuthokoze bwino, n'kumubwezera.